Chipsera cha ku Mombasa

1

Mukadzadutsa pa Nyimba pa basi, mukadzaona mayi wamtali wosenza nthochi, wosaseka ndi makondakitala, amene amasuzumira windo lililonse ngati wataya mbuzi, mudzadziwe kuti ndine. Dzina langa ndine Christabel. Anzanga onse pamsewu pano amaitanidwa ndi maina a ana awo, amake uje, amake uje. Ine amangonditcha amai a nthochi, poti dzina la mwana loti andiitanire palibe. Nkhani yake ndaimeza zaka zambiri, koma yandikhala pakhosi, ndiye lero mundilole ndiilavule.

Ndinakwatiwa ndi a Eustace Daka, mmodzi wa akuluakulu pa bungwe lina logula chimanga ndi thonje pa boma la Petauke. Anali masiku a chipani chimodzi aja, pamene munthu unkaima pamzere wa sopo kuyambira m'mawa, n'kubwerako ndi fumbi lokha kumapazi. Koma kwathu shuga sankatha. Amai anga kumudzi ku Nyampande ankayenda mapewa m'mwamba, chifukwa mkamwini anawafolera nyumba ndi malata, yoyamba m'mudzi monse. Mng'ono wanga Mildred anamupezera ntchito yotaipa mu ofesi yawo, ndipo ankakhala nafe kuboma. Ndani akananena choipa cha a Daka? Ngakhale agalu a kwathu ankawagwedezera michira.

Chimene chinkasowa m'nyumba mwathu chinali mwana basi. Ndinamwa mizu yowawa mpaka lilime kuchita dzanzi. Kenaka mu 1983 ndinaima. Abale, chimwemwe chake! Ndinkayenda nditagwira pamimba ngati wina andilanda.

Pakati patakula ndinapita kwa amai kukadikira, monga amachitira wa mwana woyamba. Nthawi yomweyo a Daka anasankhidwa kupita ku msonkhano wa ntchito ku Mombasa, ku Kenya, ndipo Mildred anati akumutumiza ku Kabwe kukawonjezera maphunziro a taipi. Tsiku lotsanzikana, a Sophia, anamkungwi a m'mudzi mwathu amenenso ankachiritsa azimayi, anawaimitsa amuna anga panjira.

"A Daka, mwasiya munthu ali ndi pakati. Kumene muyendako mudzisunge. Mukaponda kunja mudzamudula, iye pamodzi ndi mwana."

Iwo anaseka. "Amai, ine ndipita pa nchito, osati kukasewela."

2

Anabwerako ndi Landilova ya kuntchito, fumbi kobo, ana akuthamangira pambuyo. Anandibweretsera nsalu ziwiri zolembedwa Chiswahili ndi zigoba za m'nyanja. Za msonkhano sananene kanthu. Nkhani inali imodzi yokha, ndipo mudzi wonse unasonkhana pansi pa mango kudzaimva.

"Ine ndinauluka," anatero akudziguguda pachifuwa.

"Pa ndeke, tidziwa," anayankha amalume anga.

"Osati pa ndeke, amalume! Pa chingwe. Kuja kuli hotela m'mphepete mwa nyanja ya mchele, mchenga woyela ngati ufa, azungu mbwee, atavala tunsalu tosakwana kupukutila mbale. Ndiye kuli chiambulela chachikulu, chonga chija adumpha nacho asilikali. Akumanga malamba m'chiuno ndi m'nchafu, chiambulela kumbuyo, chingwe chachitali kutsogolo, achimangilila ku boti la injini. Boti likati vuu, iwe uthamanga pamchenga. Usanadziwe, mapazi alibe pansi!"

"Kalanga ine!" anafuula mayi wina. "Ndiye ife munthu akauluka pa lichelo mumuti mfiti. Azungu auluka masana, alipilanso ndalama!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Daka anapitiriza, maso akuwala. Anati kumwambako kuli zii, sumva injini, sumva munthu. Anati madzi amaoneka mpaka pansi, mitengo ya ngole ngati udzu, anthu ngati nyerere. Ine ndinkawayang'ana pakamwa, ndikunyada. Mwamuna wangawanga, wafika kumene kufika nkhwazi.

"Tikhulupilile bwanji?" anatero amalume. "Kamwa siilipila msonkho."

"Umboni ndili nao." Anakweza kabudula kumwendo wamanzere. Azimayi anatembenuka akukuwa, amai anga n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe monga ayenera apongozi, koma makutu anawasiya pomwepo. "Chitsulo chomangila lamba chinali chopindika. Chiambulela chikakukoka, chitsulo chikuluma apa. Anyamata a boti anaseka, ati ndicho chidindo chao, aliyense wouluka apita nacho kwao."

Balalo ndinalitsuka ndine, ndi madzi a mchere. Linali m'kati mwa ntchafu, m'mwamba ndithu, mizere itatu yokumana pamodzi ngati phazi la nkhuku. Ndinalipepesa, ndinaliuzira mpweya. Uchitsiru wanga!

Mildred anafika pambuyo pake pa basi, wofooka, n'kulunjika m'nyumba ya amai. Nditafuna kukamuona, amai ananditsekereza pakhomo.

"Ali ndi malungo. Wapakati sayandikila odwala, pita."

3

Matenda anandiyamba m'mawa wina ndikusesa. Anandilowetsa m'kanyumba ka kuseri, a Sophia, amai, ndi azimayi ena achikulire. Dzuwa linakwera, linapendeka, linalowa. Linatulukanso, ine ndili pamphasa pomwepo, mawu atatha, milomo itang'ambika. Mwana osabwera.

A Sophia anapukuta manja, nkhope ili gwa. "Mwana wakana njila. Apa pali amene anaponda kunja."

Anatuma mawu kwa amuna amene anakhala pabwalo. Yankho linabwera msanga. A Daka alumbira pamaso pa amalume, Baibulo lili m'manja, kuti chichokereni sanakhudze mkazi. Ndiye maso onse anatembenukira kwa ine.

"Mwana iwe, ulula. Unagona ndi ndani?" anafunsa a Sophia.

"Palibe, amai. Nditengeleni ku Minga, chonde, ku chipatala. Galimoto ili panja."

"Ku Minga adziwa mpeni, sadziwa kumasula chomangidwa. Tchula dzina, timwaze mankhwala, mwana atuluke."

Landilova inalidi panja, ndinkaiona pa mng'alu wa chitseko. Makiyi anali m'thumba mwa amuna anga. Mawu awo ndinawamva ndi makutu angawa: "Ayambe waulula. Sindinganyamule mlandu wa mwamuna mnzanga."

Ndinagwira amai pamwendo. "Amama, mundidziwa. Munandilela ndimwe. Auzeni!"

Amai anayang'ana kukhoma. "Tchula chabe, mwana wanga. Tchula aliyense. Zithe."

Inu amene simunabereke simungamve, koma amene munabereka mukudziwa mmene mwana amagundira m'mimba. Wanga ankagunda mwamphamvu dzulo lake. Tsopano ankangokhudza pang'ono, n'kukhala, n'kukhudzanso, ngati munthu wotopa kugogoda pakhomo pamene sakumutsegulira. Ndinadziwa kuti akupita. Mantha amene ndinamva sindinawamveponso.

Pomwepo chitsulo cha kusukulu chinalira, ana akuweruka. M'mutu mwanga munabwera a Imasiku, mphunzitsi wochokera kutali kumadzulo, Mlozi waulemu amene ankalankhula Chinyanja chopotoka, ana n'kumamuseka. Tsiku lina anandipeza ndikuchokera kuchitsime ndi mimba yanga, n'kundinyamulira chidebe pa njinga yawo. Chimenecho ndicho chokha chimene chinachitika pakati pa ine ndi iwo. Ndinaganiza mofulumira, mwaumbuli wa ululu: alibe mkazi, alibe abale kuno, palibe banja limene lidzapasuke. Ndidzakonza pambuyo, mwana akabadwa.

"A Imasiku," ndinatero.

"Kweza mau!"

"A Imasiku, aphunzitsi!"

Azimayi anati "Hii!" onse pamodzi. A Sophia anamwaza mankhwala awo, anandimwetsa ena, anandisisita. Tinadikira. Mwana sanabwere, chimene chinabwera ndi magazi. Apo m'pamene injini ya Landilova inalira.

Ku Minga masisitere anathamanga nane, ndipo Mulungu awadalitse, moyo wanga anaupulumutsa. Nditatsitsimuka, mmodzi anandigwira dzanja n'kundiuza pang'onopang'ono. Anali mwamuna. Anafika atatsamaya kale. Chiberekero chinang'ambika, ndipo anachichotsa.

"Mukanabwela dzulo," anatero sisitere uja, misozi ili m'maso. Sanamalize.

4

Pamene ndinkatuluka m'chipatala, a Imasiku kunalibe. Anyamata a m'mudzi anawatulutsa m'kalasi ana akuona, n'kuwamenya ndi mipini ya makasu. Diso limodzi linaphulika. Atachira anakwera basi ndi kasutikesi kawo, osatsanzika munthu. Njinga ija anaisiya itapindika kuseri kwa sukulu.

Ndinalira, ndinakuwa, ndinauza aliyense kuti ndinanama. Ndinati munthu uja ndi wosalakwa, ndinangofuna galimoto.

"Wa pamphasa sanama," anatero a Sophia. "Tsopano wachila, manyazi akugwila."

Palibe amene anandikhulupirira. Kuchitsime azimayi ankasiya kulankhula ndikafika. Kutchalitchi benchi imene ndakhala inkakhala yanga ndekha. Ndinali mkazi amene anapha mwana wake ndi chiwerewere, ndipo pena ndinkadzifunsa ngati sindinamuphedi, poti bodza langa silinamuthandize kanthu.

Kenaka kunakhala bwalo la banja. A Daka anavala suti, n'kulankhula motsitsa mawu ngati m'busa.

"Ine sindifuna mlandu, sindifuna mbuzi ya munthu. Christabel ndamukhululukila, akhale. Koma ine ndine mwamuna. Nyumba yopanda mwana ndi manda."

Amalume anaweramitsa mutu, n'kunong'onezana ndi akuluakulu anzawo. Mkamwini wotere, wa malata, wa shuga, wokhululuka, angamutaye? Anagwirizana zochita mwa makolo, kumupatsa mng'ono wanga akhale nthena, mkazi wachiwiri wochokera m'nyumba yomweyo, kuti mbewu isapite kwa alendo. Atamufunsa Mildred, anangoyang'ana pansi n'kugwedeza mutu.

Mukudziwa chimene ndinachita ine? Ndinagwa pansi, ndi bala langa la opaleshoni, n'kugubuduka m'fumbi pamapazi pa a Daka, uku ndi uku, ndikuwomba m'manja. Ndinawathokoza. Ndikakumbukira zimenezo, ngakhale lero, malovu amandiwawa m'kamwa.

5

Tsiku lomulanga Mildred za ukwati linafika mvula itatha. Unali usana, ng'oma ikulira panja, ife azimayi tili m'nyumba ya malata ija, chitseko chotseka. Ine monga mkulu wake, komanso mwini nyumba imene akulowa, mwambo unkafuna kuti ndimudzoze mafuta a nsatsi ndi kumumanga mikanda m'chiuno ndi manja anga, kusonyeza kuti ndamulandira. Ndinavomera. Ndinkaona ngati ndi chilango chondiyenera.

"Vula," anatero a Sophia.

Mildred anavula bulauzi, koma chitenje anachigwira ndi manja awiri.

"Iwe, manyazi a chiyani? Wa ku taipi sadziwa mwambo? Tonse muno tinavula. Chotsa!"

Anachichotsa okha a Sophia, n'kumukhazika pamphasa. Amai anakhala kumbuyo kwake, atamugwira mapewa. Mildred anapanikiza mawondo ngati wozizidwa. Ine ndinagwada patsogolo pake ndi kabotolo ka mafuta, ndinamudzoza manja, mimba, miyendo.

"Tambasula, akudzoze bwino," anatero a Sophia.

Ndinakankha bondo lake lamanzere pang'ono.

Phazi la nkhuku. Mizere itatu yokumana pamodzi, m'kati mwa ntchafu, m'mwamba ndithu. Chipsera chopola, chakuda, chonyezimira ndi mafuta amene ndinali nditangopaka. Ndinachidziwa monga ndidziwira chikhatho changa, poti chinzake ndinkachiona pa mwamuna wanga.

Ndisanatsegule pakamwa, dzanja linachokera kumbuyo, n'kuponya chitenje pamalo pomwepo, osaphonya. Linali dzanja la amai.

Kunja ng'oma inkapitirira.

"Mildred," ndinatero, mawu anga akumveka ngati a munthu wina. "Ku Kabwe kuli nyanja?"

A Sophia anakoka chitenje chija, anayang'ana, n'kugwira pakamwa. Nawonso analipo pansi pa mango tsiku lija. Aliyense m'nyumbamo anamva za chidindo cha owuluka.

"Asisi, ndikhululukileni," Mildred analira. "Alamu anati ndikaone nyanja, anandilemba ngati kalaliki wa msonkhano. Anati simudzadziwa. Ine ndinaopa kukwela, anandikakamiza, anati ukauluka uiwala zonse. Asisi, sindinafune kuti mwana..."

"Usamuchule mwana wanga."

Ndinkaganiza kuti ndimulumphira pakhosi, koma mtima wanga unali utapita kale kwina. Unali pa dzanja lija. Munthu wokhala kumbuyo kwa mnzake saona m'kati mwa ntchafu zake. Ndinakweza maso.

"Amama. Mwadziwa bwanji pophimba?"

Amai anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Amama, ndikufunsani. Muli kumbuyo, simunaone. Mwadziwa bwanji?"

Amai anasiya mapewa a Mildred. Anaoneka okalamba kuposa mmene ndinawaonerapo. "Linatukusila," anatero. "Anabwela nalo likununkha. Ndinalipoletsa ndine."

"Ndiye malungo aja."

"Ee."

"Ndiye pamene ndinali pamphasa, pamene ndinakugwilani mwendo, munali mudziwa amene anaponda kunja."

"Ndikanachula mkamwini, ndikanachula mwana wanga," anatero, misozi ikutsika koma mawu ali owuma. "Mudzi ukanamudya wamoyo Mildred. Ndinati iwe uchule aliyense, galimoto inyamuke, mwana abadwe, zidzaiwalike. Ndinali ndi ana awili pamoto, Christabel. Sindinadziwe kuti udzachedwa kuchula."

Kuchedwa. Ndiye kuti mlandu unali wanga ndithu, chifukwa ndinachedwa kunama! Ndinaseka, abale. Ndinaseka chiseko choipa mpaka azimayi anasunthira kukhoma. Ndinayang'ana m'mwamba, malata aja akuthetheka ndi dzuwa, ndipo ndinadana nawo, ndinadana ndi shuga yense amene ndinamwapo m'nyumba ya a Daka.

Ndinatembenukira kwa a Sophia. "Mwamva, amai? Wa pamphasa anama. Tulukani mukauze mudzi. Mukauze kuti a Imasiku anataya diso pachabe."

A Sophia anayang'ana manja awo. Kenaka anatola mikanda imene inagwa pansi.

"Zanenedwa muno zithele muno. Mwana anapita, sabwela. Mlozi anapita, sabwela. Uyu ali kale ndi pakati, simuona? Tipasule zonse?" Anandipatsa mikanda. "Mmange."

Ndinaiika pamphasa, n'kutsegula chitseko. Azimayi a panja, poona chitseko chatseguka, anayesa mwambo watha. Ndinadutsa pakati pawo akuliza nthungululu.

A Daka anali pansi pa mango ndi amuna anzawo, akuwauzanso za kuuluka, manja atatambasula. Atandiona anamwetulira. Ndinaima n'kuwayang'ana pantchafu, kenaka kumaso, mpaka kumwetulira kuja kunauma. Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu.

6

Ukwati unachitika. Ndinamva kuti Mildred anabereka mwamuna, amamutcha amake Peter. Amai atamwalira ndinapita kumaliro, ndinakhala pamodzi ndi alendo, ndinabwerako maso ali owuma. Mundiweruze ngati mufuna.

Nyanja ya mchere sindinaione, ndipo sindidzaiona. Tsiku lina m'sitolo ina pano pa Nyimba anapachika kalendala ya chithunzi cha mzungu akulendewera pa chiambulera chofiira, pansi pake madzi obiriwira. Atsikana ogulitsa anzanga ankachisirira, ati koma ena akudya moyo. Ine ndinakumbukira mawu a a Daka, akuti kumwambako sumva munthu, ndipo anthu amaoneka ngati nyerere. Zoona. Anatsika pachingwe, koma ife anapitiriza kutiona choncho.

Koma inu owerenga, musathamangire kundimvera chisoni. Iwo anandilakwira, ine ndinalakwira munthu amene anangondinyamulira chidebe. Ndinamusankha chifukwa anali mlendo, monga momwe amai anandisankhira ine chifukwa ndinali nditagona kale pansi. Azimayi anzanga, mwana akakana njira, nyamulani munthu mupite naye kuchipatala, mafunso adzabwere pambuyo. Wa pamphasa amanama. Angatchule ngakhale dzina la bambo ake omubala, kuti amve kulira kwa mwana.

Anthu amandifunsa chifukwa chake sinditenga malo mumsika, pamthunzi, pa msinkhu wangawu. Ndimati pamsewu m'pamene pali malonda. Si zoona. Mabasi onse a kum'mawa amaima pano, ndipo aphunzitsi amayenda. Ndimasuzumira windo lililonse kufuna bambo wa diso limodzi, waulemu, wolankhula Chinyanja chopotoka. Ngati mukuwadziwa a Imasiku amene anaphunzitsapo ku Nyampande, kapena ana awo ngati anawabereka, muwauze kuti mkazi uja ananama, ndipo akufuna kunena zimenezi pamaso pawo, mokweza, monga momwe anamukwezetsera mawu tsiku lija.

Basi ya masana yayandikira. Ndisenze nthochi zanga.